Kamvuluvulu, kavuluvulu kapena kabvumvulu, dzina la kamphepo kaja linachokera kuti?

Sabata yatha ndinali pa Mtendere mu Lusaka kudikira minibasi ya mtawuni, dzuwa lili paliwombo, ndiye pa bwalo la mpira paja panangoyamba kamphepo. Poyamba ngati masewera chabe, timapepala ta maswiti tikuvina pansi, kenako kanadzuka nkuima njo, fumbi lofiira kukwera mmwamba ngati mzati, mapulasitiki akuda aja ali pamwamba kuposa mawaya a magetsi. Amayi ena ogulitsa salaula anachita kugonera katundu wawo, a vitumbuwa kuvindikira beseni ndi chitenge, ana a sukulu ena kuthawa ena kukathamangira dala kuti alowemo. Mphindi ziwiri sizinakwane kanakafera kuseli kwa mpanda wa tchalitchi, basi zii.

Mphepoyo sinandidabwitse, tonse tinakula tikuiona. Chimene chinandisangalatsa ndi mkangano umene unatsalira pa siteshoni. Amayi a salaula aja, kwawo ku Katete, akukung'untha malaya uku akudandaula kuti kamvuluvulu ameneyu wandidetsera katundu. Mnyamata wa pa kantemba, wa ku Lundazi, ati amama ni kavuluvulu, m uyo mwamutenga kuti. Mdala wina wovala jekete pa kutentha konse kuja anati nonsenu ndinu ana, mawu ake ndi kabvumvulu, kawerengeni Baibulo. Ndiye kamwana ka yunifomu kanatseka nkhani: ati ni tornado, tinaona pa YouTube.

Akuluakulu atatuwo palibe analakwa. Amene anaphonya ndi mwana yekhayo, koma nayenso tisamuseke msanga, ndifika kwa iye.

Tiyambe ndi kuwang'amba mawuwa. Kutsogolo kuli ka-, kumbuyo kuli vulu kawiri, vulu-vulu. Basi mafupa ake ndi amenewo. Zina zonse, kamvuluvulu, kamvulumvulu, kavuluvulu, kavumvulu, kabvumvulu, ndi mawu amodzi amene ayenda pakamwa pa anthu a madera osiyana, wina kuika m kutsogolo, wina kumuika pakati, wina kumuika konse kuwiri, wina kudula vulu woyambayo kuti atsale vu yekha. Achitumbuka amati kavuluvulu opanda m, nchifukwa chake mnyamata wa ku Lundazi uja khutu lake linakana. Ndipo kubwereza mawu kotereku ndi khalidwe la chilankhulo chathu, tikafuna kuonetsa chinthu chosakhazikika, chochitika mobwerezabwereza, timangowirikiza: kuyendayenda, kusakasaka, anthu ali piringupiringu pa Soweto Market, ali yakaliyakali. Olo maina a makomboni athu omwe, Kalingalinga ndi Kalikiliki, tamverani mmene akumvekera. Kalikiliki aliyense amadziwa kuti ndi kutanganidwa, munthu ali kalikiliki kukonza za ukwati. Kamvuluvulu anamangidwa pa chikombole chomwecho. Lilime likamati vulu-vulu limachita kuzungulira mkamwa, dzinalo likujambula kayendedwe ka chinthucho musanachione nkomwe.

Manje pali nkhani ya mvula. Anthu ambiri ndawamva akunena kuti kamvuluvulu ndi kuchokera ku mvula, ati ndi kamphepo koitana mvula, chifukwa kamachuluka mu Seputembala ndi Okutobala mvula ili pafupi. Zimamveka bwino, ndipo mvul- uja alipodi mkatimo ukamayang'ana zilembo. Koma ine sindigula. Mawu akuti mvula ndi akalekale ndipo ali ndi abale ake pafupifupi mzilankhulo zonse za Chibantu: Abemba amati imfula, Atonga mvula, Azulu imvula, Aswahili mvua, Alozi ndi Atswana pula, mpaka ndalama ya ku Botswana anaitcha pula mu 1976, ndipo Ashona mvura ndi madzi omwe. Paliponse mawuwa amathera ndi a, ndipo paliponse ndi za madzi. Kamvuluvulu amathera ndi u, ndipo ndi mwana wa chilimwe, amafuna nthaka youma gwa ndi kumwamba kopanda mtambo. Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Novembala simumuonanso mpaka chaka chamawa. Ndiye akhale bwanji mwana wa mvula pamene mvula ndiyo imamupha? Mmene ndimaonera ine, m uja akukhazikika chifukwa khutu lathu linazolowera mvula, tikamva vul- pakamwa pamathamangira mvul-, koma mizu ndi ina.

Palinso ya anyamata a pa siteshoni, ati ndi kamvuluvulu chifukwa amavula azimayi zitenge. Imeneyo ndi nthabwala, isiyeni ikhale nthabwala.

Kumene khutu langa limandikokera ndi ku mawu ena oyamba ndi vu amene onse ali ndi fungo limodzi: kuvundula phala kapena madzi a pachitsime, kuvunduka kwa fumbi, kuvumbuluka ngati kalulu pa chitsamba, kuvundumuka munthu ali mtulo. Onsewa ndi chinthu chimene chinali phee nkudzuka mwadzidzidzi, zapansi kubwera pamwamba. Si ndiye ntchito yake ya kamvuluvulu imeneyo? Amavundula bwalo ngati mthiko mu mphika.

Ubwino wokhala mu Lusaka ndi wakuti sufunika kukwera basi kuti umve zilankhulo zina, ungofunsa aneba. Abemba amati akankungwe. Atonga amati kambizi. Alozi amati kakundukundu, tamverani kundu-kundu ameneyo, chikombole chomwe chija. Onsewa ka- ali kutsogolo. Ukapita kutali, Aswahili ali ndi kisulisuli, Azulu ali ndi isikhwishikhwishi komanso isivunguvungu cha mphepo yaukali, Ashona amati chamupupuri, pu-pu ali mkati. Mpaka ku Australia amati willy-willy, mawu amene Azungu anatengera kwa eni dziko a kumeneko. Anthu amene sanakumanepo, koma ataona fumbi likuzungulira onse pakamwa panabwereza mawu. Zimenezi zimandipatsa mphamvu kuti dzinali ndi chithunzi cha kuzungulira, osati nkhani ya mvula.

Za ka- uja pali kanthu kena kokoma. Tonse timadziwa kuti ka- amachepetsa, kamwana, kanyumba, kagalu. Ndiye ukamva kamvuluvulu umaganiza kuti ndi kamphepo kakang'ono, ndipo kuno ku Lusaka ambiri timatero ndithu, kamvuluvulu kabwera, kapita, aka kanali kakakulu. Koma mverani amayi a ku Katete aja, anati kamvuluvulu ameneyu wandidetsera. Wa, osati ka. Achewa a kumudzi ambiri amamuika gulu limodzi ndi kalulu, kadzidzi, kanyimbi, maina amene ka- wake anauma kalekale ndipo sachepetsanso kanthu. Palibe amati kadzidzi kalira, timati kadzidzi walira, ambiri ndi akadzidzi. Chimodzimodzi akamvuluvulu. Ndimafuna kunena kuti izi zikuonetsa kuti makolo ankamuona ngati chamoyo, koma ndikumbukire kuti katundu ndi kabudula alinso mgulu lomweli ndipo palibe kabudula amene anayendapo yekha, ndiye ndisapitirire malire. Chimene chilipo nchakuti mukamati wabwera mukulankhula Chichewa cha kummawa, mukamati kabwera mukulankhula cha mtawuni, zonse zimamveka.

Tibwere kwa mdala wa jekete. Kabvumvulu wake uja sanamupeke, ali mu Buku Lopatulika, Baibulo la Chinyanja limene linatuluka mu 1922, ntchito yomasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland. Mpingo womwewo unali utafika kale kuno, pa Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, ndiye buku limeneli ndi limene agogo athu ambiri a kummawa anaphunzirira kuwerenga. Nthawi imeneyo ankalemba bv pamene lero ambiri amalemba v: kubvala, kubvina, mabvuto. Ku Malawi Kamuzu Banda atasintha dzina la chilankhulo kukhala Chichewa mu 1968, nkukhazikitsa Chichewa Board mu 1972, malamulo a kalembedwe anachotsa b ameneyo. Kuno ku Zambia tinayenda njira yathu, kalembedwe ka 1977 ndi kaja kolemba Cinyanja ndi c yekha, ndipo bv sanafe mmaina ndi pakamwa pa anthu. Nchifukwa chake Mabvuto wa ku Chipata ndi Mavuto wa ku Mchinji ndi dzina limodzi, malire okha ndiwo ali pakati. Kabvumvulu ndi kavumvulu chimodzimodzi.

Koma Baibulo silinangosunga kalembedwe kakale, linachita chinthu chachikulu kuposa pamenepo, linakulitsa tanthauzo. Taganizani. Pa 2 Mafumu 2:11 Eliya akukwera kumwamba ndi kabvumvulu. Pa Yobu 38:1 Mulungu akuyankha Yobu ali mu kabvumvulu. Pa Hoseya 8:7 anthu afesa mphepo ndipo adzakolola kabvumvulu. Mu Chiheberi mawu a malo amenewa ndi searah ndi sufah, ndipo ndi mphepo yoopsa ya mkuntho, yogwetsa mitengo, osati kamphepo konyamula mapepala a maswiti. Omasulira anafuna mawu a mphepo yozungulira yokweza zinthu mmwamba, anapeza amene anthu anali nawo kale, nkuwasenzetsa katundu wolemera. Ine ndili mwana ku Sande sukulu ndinkavutika nazo zimenezi, ndinkaona mmaganizo Eliya ali mkati mwa fumbi la pa bwalo lathu pamodzi ndi makoko a chimanga ndi nthenga za nkhuku, ndinkadzifunsa kuti kamphepo kameneka kamene kamalephera kunyamula mbuzi kananyamula bwanji mneneri wathunthu ndi ndevu zake. Ndinafunsa aphunzitsi, anandiuza kuti ndikhale chete. Kuchokera pamenepo mawuwa ali ndi nkhope ziwiri, pa bwalo ndi kanthu koseketsa ana, pa guwa ndi mkwiyo wa Mulungu, ndipo abusa akamati mudzakolola kamvuluvulu palibe amaganiza za mapulasitiki.

Nanga chinthucho pachokha chimabadwa bwanji? Apa mpamene mwana wa YouTube uja anasochera. Dzuwa likawomba nthaka youma yopanda udzu, nthakayo imatentha kwambiri kuposa mpweya, yesani kuponda opanda nsapato pa bwalo mu Okutobala. Mpweya umene wagona pansi penipeni umatenthedwa nkupepuka, pamwamba pake pali wozizirirapo wolemera, ndiye wapansiwo umasaka potulukira. Ukapeza malo amodzi umabowola nkukwera, ndipo mpweya wa mmbali umathamangira kudzatseka malo amene asiyidwa. Ukabwera mokhota pang'ono chabe, mwina chifukwa cha khoma, chulu kapena mtengo, umayamba kuzungulira, ndipo ukamapanikizika kulowa pakati liwiro limakula. Amene munasewerapo ndi mwala womangirira ku chingwe mukudziwa, ukamazunguza nkumafupikitsa chingwe mwala umathamanga kwambiri. Ndi zomwezo. Fumbi ndi zinyalala sizimupanga kamvuluvulu, zimangomuveka zovala kuti tizimuona. Akafika pa udzu wobiriwira, pa mthunzi kapena ponyowa chakudya chake chatha, amafa pomwepo, nchifukwa chake ambiri satha mphindi zingapo. Ambiri ndi aafupi, koma pa chigwa chotentha amatha kutalika mamita mazana angapo.

Ndiye muona chifukwa chake Lusaka ndi kwawo. Mvula imasiya cha mu Epulo, pofika Seputembala nthaka yauma miyezi isanu, minda yatenthedwa, mapuloti alimidwa mbee kudikira maziko, misewu ya mkomboni ndi fumbi lokhalokha. Nthawi yake ndi masana, ma 12 mpaka ma 15 awazi monga timanenera kuno, usiku kapena mmamawa simungamuone. Ndipo chodabwitsa, safuna mphepo yambiri. Tsiku la chimphepo cha Ogasiti chija chowomba tsiku lonse mpweya wotentha subwanthama pansi, umabalalika, ndiye kamvuluvulu amakonda tsiku lotentha lachete. Amene munapitako ku mwambo wa Achewa wa Kulamba pa Mkaika ku Katete kumapeto kwa Ogasiti mukudziwa fumbi la nyengo imeneyo, ndi pamene akuyamba kuonekera.

Tornado ndi nyama ina. Iye amabadwira kumwamba, mu mtambo wa mabingu, nkutsika pansi ngati chitamba cha njovu, ndipo amagwetsa nyumba za njerwa nkuponya magalimoto. Kamvuluvulu wathu amabadwira pansi nkukwera, kumwamba kuli mbee. Wina ndi mwana wa mtambo, wina ndi mwana wa dothi. Koma ndinati mwana uja tisamuseke, chifukwa tornado alibe dzina lakelake mu Chinyanja, ndipo womasulira nkhani akakumana naye amagwira mawu omwewa, kamvuluvulu wamphamvu, kapena mphepo ya mkuntho. Ndiye ngati akuluakulu akutcha tornado kuti kamvuluvulu, mwana akatembenuza nkutcha kamvuluvulu kuti tornado walakwa kwambiri ngati?

Namondwe ndiye nkhani inanso. Kale namondwe inali mphepo yaukali ya mvula, makamaka pa nyanja, ija inawopseza ophunzira a Yesu mu ngalawa. Masiku ano mawuwa anapatsidwa ntchito yatsopano, ndi amene timatchulira zimphepo zazikulu zochokera ku nyanja ya mchere: Idai amene anaphwanya Beira mu Malichi 2019, Freddy wa mu 2023 amene anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense wolembedwa, nkudzagwetsa matope a phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe mu Blantyre. Namondwe nayenso amazungulira, koma ndi wotambalala makilomita mazana, amadya kutentha kwa madzi a nyanja, ndipo kuno kummwera kwa dziko lapansi nthawi zonse amazungulira motsata mivi ya wotchi chifukwa cha kuzungulira kwa dziko lenilenilo. Kamvuluvulu ndi wamng'ono kwambiri kuti lamulo limenelo limugwire, amapita kumanja kapena kumanzere mmene wayambira. Mukadzaona awiri pa bwalo limodzi muwayang'anitsitse, amatha kusemphana.

Makolo athu mphepo ankazidziwa ndi maina, osati kungoti kukuwomba. Mwera, mpoto, vuma, zambwe, ndi maina a mphepo za pa nyanja ya Malawi ndipo ndi omwewo timalozera mbali za dziko, kumwera, kumpoto, kuvuma, kuzambwe. Chiperoni, kamvula kozizira kaja ka ku Blantyre ndi Thyolo, dzina lake ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique kumene kamachokera. Zonsezi zili ndi kwawo. Kamvuluvulu yekha ndiye alibe kwawo, sachokera kumpoto kapena kumwera, amangobadwa pakati pa bwalo inu mukuona, kuyenda mokhotakhota ngati akusaka munthu, kulowa pakhomo pa uyu kudumpha pa uyo, nkuzimirira. Mphepo yotere anthu sakanaisiya opanda nkhani.

Agogo anga aakazi ku Chadiza akamuona akubwera ankakuwa kuti ana inu chokani, vindikirani ufa, musalowemo muli zinthu. Zinthu zanji sankatchula bwinobwino, tsiku lina ndi mfiti ili pa ulendo, tsiku lina ndi chiwanda, ndipo akadutsa pakhomo pa munthu nkusasula denga anthu ankayang'anana, ati watumidwa ameneyu. Ife ana tinkamuloza ndi chala uku tikumukuwiza kuti apite kwina, akakhota timati watimvera. Musaganize kuti ndi ife tokha. Aluya amati muli jini, Anavajo a ku America amati ndi mzimu wa wakufa, ndipo Azungu omwe amene amatiseka za ufiti dzina lawo ndi dust devil, mdyerekezi wa fumbi. Ine za mfiti sindikhulupirira, koma lamulo la agogo ndimalisunga ndipo ana anga ndimawauza lomwelo, chifukwa mkati muja mumauluka minga, timabotolo tosweka, nthawi zina lata lathunthu lochoka pa chimbudzi, ndipo lata louluka silifunsa kuti ndiwe wa mpingo uti. Chiwanda chinali njira yachidule youzira mwana wa zaka zisanu kuti atalikire.

Kanthu kena kongodutsa, akamvuluvulu aliko ngakhale ku pulaneti la Mars. Makina a NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, awajambula kambirimbiri, wina mu 2012 anali wotalika pafupifupi makilomita 20, ndipo mu 2005 mphepo zoterezi zinasesa fumbi pa masola a kagalimoto kotchedwa Spirit mphamvu nkubwerera. Kumeneko kulibe mvula olo dontho, kulibenso mfiti yoti ikwere. Agogo akanamva akanati mfiti zake nza konko.

Pakamwa pa anthu mawuwa anapitirira mphepo kalekale. Mwana wolowa mnyumba nkusiya mipando ili chagada, makapu pansi, timati kamvuluvulu wadutsa muno. Mlendo wofika mmawa, kudya, kubwereka ndalama, masana wapita osatsazika, wabwera ngati kamvuluvulu. Chibwenzi chotentha mwezi umodzi nkuzima. Ndale za chaka cha masankho, zitenge ndi malonjezo zili mmwamba, mavoti akangowerengedwa zii. Mukaona bwino, tikamatchula munthu kamvuluvulu sitikunena kuti ndi wamphamvu, tikadafuna zimenezo tikadati namondwe kapena chimphepo. Tikunena zinthu zitatu pamodzi, wabwera mosayembekezeka, wasokoneza, ndipo sakhalitsa. Muli kunyoza pang'ono mkatimo, ka- uja ngakhale anauma amanunkhabe kuchepa. Pokhapokha mawuwa akatuluka pakamwa pa abusa mpamene amalemera.

Minibasi itabwera tinakwera ine ndi mdala wa jekete, anakhala pambali panga, ndipo mpaka pa Kulima Tower anali akundilondolera mavesi ena a kabvumvulu, Nahumu, Yesaya, Zekariya, kuwerenga pa zala. Ndinamufunsa kuti nanga adzukulu anu amatchula bwanji, anapukusa mutu, ati aja olo fumbi amati dasti. Amayi a salaula tinawasiya akukung'unthabe madiresi limodzi limodzi, ndipo siketi ina yofiira inali ikulendewera pa waya wa magetsi, anyamata atatu ali pansi ndi nsungwi kukangana kuti akaitsitsa ndi ya ndani.